Banda ndi Phiri: Kuunikanso Zimene Zalembedwa pa Chiyambi cha Maina Aŵiriŵa

1. Mau Oyamba

Mwa maina onse a mabanja amene amamveka m'Malaŵi ndi kum'maŵa kwa Zambia, ndi ochepa amene angapikisane ndi Banda ndi Phiri pa kufalikira. Munthu akatenga kaundula wa sukulu ya ku Chitawira, kapena mndandanda wa akhristu a mpingo wa ku Zingwangwa, Ndirande kapena Bangwe, sangathe masamba aŵiri asanakumane nao. Kuzoloŵereka kumeneku kwachititsa ambiri kuganiza kuti chiyambi cha mainaŵa n'chodziŵika kale, ndipo kuti palibenso chofunsa. Ife tikuona mosiyana. M'pepala lino tiunika mafotokozedwe atatu amene akhala akuperekedwa: la mbiri ya pakamwa, la akatswiri a mbiri yakale, ndi lija lonena kuti dzina la bambo lidadza ndi Angoni. Tiŵayesa ndi muyeso wa chilankhulo, popeza dzina ndi liu, ndipo liu lili ndi malamulo ake. Nkhaniyi si ya m'kalasi mokha ai, pakuti pali anthu amene amatsamira pa dzina pofuna ufumu, ndipo pali ena amene dzina lomwelo lidaŵasandutsa alendo m'dziko limene adabadwiramo.

2. Nthano ya Phiri ndi Udzu

Mafotokozedwe oyamba ndi aja amene ngakhale ana amaŵadziŵa pamtima. Akuti makolo a Acheŵa ali paulendo wochokera ku Uluŵa, dziko la Aluba limene lero lili kummwera kwa Congo, adafika pamalo ena dzuŵa litapendeka. Gulu lina lidakwera kukagona paphiri, pamene lina lidabanda udzu m'tsinde mwa phirilo n'kugona pomwepo. Kuyambira pamenepo oyambawo adatchedwa a Phiri, enawo a Banda. Onena mbiri ena amati zimenezi zidachitikira ku Choma, ena amatchula Kaphirintiŵa, ndipo ambiri amaonjeza kuti maina adagaŵidwa pofuna kuti anthu adziŵe woyenera kumkwatira.

Buku limene lidakhazikitsa mbiri ya ulendowu m'maganizo a anthu oŵerenga ndi Mbiri ya Acheŵa, lolembedwa ndi malemu a Samuel Josia Ntara a ku Nkhoma m'zaka za m'ma 1940, limene a W. S. Kamphandira Jere adalimasulira m'Chingerezi, nilisindikizidwa mu 1973 pamodzi ndi ndemanga za a Harry Langworthy. Ntchito ya a Ntara njoyenera ulemu, chifukwa adamvera akuluakulu m'chilankhulo chao pa nthaŵi imene ambiri ankayesa kuti anthu opanda mabuku alibenso mbiri. Komabe kutchuka kwa bukuli kudabala vuto lina. Mbiri ikasindikizidwa n'kuŵerengedwa m'sukulu, imabwerera kumudzi ngati mau a akuluakulu, kotero kuti wofufuza amene wamva nkhani imodzimodzi m'midzi khumi angayese kuti wapeza mboni khumi, chonsecho wapeza buku limodzi.

Cholakwa chachikulu cha oŵerenga ambiri n'chakuti amatenga nthanoyi ngati lipoti la zimene zidachitika usiku wina. Nthano zofotokoza maina, kulikonse kumene zimapezeka, zimayamba ndi dzina limene lilipo kale, kenaka n'kulifunira nkhani yoliyenera. Sitinena kuti nthanoyi njachabe. Imatiuza zinthu ziŵiri zolemera: kuti a Banda ndi a Phiri ankadziona ngati mbali ziŵiri za mtundu umodzi, wina pamwamba wina pansi, ndiponso kuti ntchito yoyamba ya dzina inali yolongosola ukwati. Chimene singatiuze ndi chaka kapena malo.

3. Umboni wa Chilankhulo

Dzina la Phiri silivuta kwenikweni. Liu lakuti phiri lili m'gulu la maina la Li-Ma, ndipo likamachulukitsidwa limataya mpweya wa lembo loyamba: phiri, mapiri, monga khutu, makutu kapena thupi, matupi. Koma liuli litasanduka dzina la anthu lidasamukira m'gulu la anthu, ndipo agwirizanitsi ake adasintha. Timati phiri lalitali koma Phiri wamtali. Timati mapiri aŵiri, koma anthu aŵiri a dzinali sitiŵatcha Mapiri, timati a Phiri aŵiri. Dzinali lidauma pamene lidachoka m'gulu lake, ndipo lidasiya kutsata malamulo a liu limene lidalibala. Zimenezi zikutichenjeza kuti maina amasunga maonekedwe akale, ngakhale mau ena onse atasintha.

Pa dzina la Banda mpamene pali ntchito. Mneni wakuti kubanda alipodi, ndipo ndiye tsinde la nthano ija. Koma m'Chicheŵa dzina la wochita ntchito kaŵirikaŵiri limapangidwa poika m- kumayambiriro ndi -i kumapeto: kulima, mlimi; kusodza, msodzi; kuphunzitsa, mphunzitsi. Tikadatsata njira imeneyi, obanda udzu akadatchedwa abandi. Woteteza nthanoyi angayankhe kuti alipo maina aulemu amene ndi tsinde la mneni lopanda chophatikiza, monga Gaŵa m'dzina la Kalonga Gaŵa Undi, limene anthu amalimasulira kuti wogaŵa dziko. Yankholi nlomveka, ndipo n'chifukwa chake sitingataye mneniyo msangamsanga.

Komabe pali njira yachiŵiri imene yanyalanyazidwa. Ngati Phiri ndi dzina la malo la m'gulu la Li-Ma, bwanji osafunsa ngati mnzakeyo sali chimodzimodzi? M'gulu lomweli, liu loyamba ndi b limafeŵa likachulukitsidwa: bere, maŵere; bondo, maondo. Motero b wa mu Banda angakhale wolimbitsidwa kuchokera ku tsinde lakale loyamba ndi ŵ. M'Chiswahili muli liu lakuti uwanda, pochulukitsa nyanda, lotanthauza dziko lathyathyathya. Ngati tsinde limeneli lidalipo m'chilankhulo cha makolo athu, ndiye kuti maina aŵiriŵa ankangonena za anthu a kumapiri ndi anthu a kuchidikha, ndipo nkhani ya udzu idadza pambuyo, liu lakalelo litaiŵalika. Tikupereka ganizoli kuti liyesedwe, ndipo poliyesa payenera kufananitsidwa Chinsenga, Chitonga, Chitumbuka, Chinyungwe ndi Chisena, makamaka pa kukwera ndi kutsika kwa liu. Dikishonale ya Chimang'anja ya David Clement Scott ya mu 1892, ndi ija adaikonzanso Alexander Hetherwick mu 1929, sizisonyeza mbali imeneyi, choncho umboni uyenera kutengedwa pakamwa pa eni chilankhulo.

Tichenjezenso za msampha wa mau ofanana. M'Chisotho ndi m'Chitswana phiri ndi fisi, ndipo liulo silikhudzana ndi phiri lathu. Ku Central African Republic kuli mtundu wotchedwa Banda, ndipo ku Indonesia kuli zilumba za dzina lomweli. Kufanana kwa malembo asanu si ubale.

4. Eni Nthaka ndi Alendo

Mafotokozedwe achiŵiri ndi a akatswiri a mbiri. Kuyambira ndi R. A. Hamilton m'zaka za m'ma 1950, kenaka M. G. Marwick mu 1963, ndiponso Bambo Matthew Schoffeleers, padakula ganizo lakuti maina aŵiriŵa akuimira magulu aŵiri amene adafika pa nthaŵi zosiyana. A Banda ndiwo adayamba kukhala m'dziko, ndipo mphamvu zao zinali pa mvula, nthaka ndi akachisi, monga wa ku Msinja kumene kunali Makewana. A Phiri adafika pambuyo ndi ufumu wa Kalonga, ndipo Bambo Schoffeleers adalumikiza dzina la Malaŵi ndi nyumba yachifumu imeneyi. Magulu aŵiriŵa adagwirizana mwa ukwati: Kalonga ankabadwa kwa Nyangu, wa kwa Phiri, koma mkazi wake wamkulu, Mwali, ankachokera kwa a Banda.

Ganizoli lili ndi mphamvu, pakuti limafotokoza chifukwa chimene mpando wa ufumu ndi mpando wa nsembe zidakhalira m'manja osiyana. Koma tikuona zofooka zitatu. Choyamba, limasandutsa nthano ya magulu aŵiri kukhala mbiri ya maulendo aŵiri, osafunsa ngati kugaŵa zinthu paŵiri sikungakhale njira imene anthu ankalongosolera dziko lao. Nkhani ya mlendo wodza ndi ufumu n'kukwatira mwana wa mwini nthaka imapezeka m'mitundu yambiri ya mu Africa, ndipo kufala kwakeko kukutikakamiza kukayika ngati paliponse idachitikadi motero. Chachiŵiri, limakankhira kumbali mafunda ena, monga Mwale, Mbeŵe ndi Nkhoma, chonsecho ufumu waukulu wa Mkanda, wa m'dera la Mchinji, unali wa a Mbeŵe. Chachitatu, umboni wochokera kunja kwa mbiri ya pakamwa sufika pa maina ameneŵa. Gaspar Bocarro, Mpwitikizi amene adayenda kuchokera ku Tete kukafika ku Kilwa mu 1616, adalemba za mafumu monga Muzura, osati za mafunda. A Yusuf Juwayeyi, m'buku lao la mu 2020, adafotokoza zimene adafukula ku Mankhamba, pafupi ndi Mtakataka: miphika, mikanda yagalasi, mkuwa, minyanga ya njovu ndi zidutswa za mbale za ku China. Zinthu zimenezi zatsimikiza kuti likulu la Kalonga linali pamalo a malonda aakulu, koma phale silinena mfunda wa mai amene adaumba mphikawo.

A Kings M. Phiri, amene kafukufuku wao wa mu 1975 adakhudza kagwiritsidwe ntchito ka mbiri ya pakamwa pakati pa Acheŵa, adatsegula njira yoyenera, yomvera mbiri ya mudzi ndi mudzi m'malo modalira ya kunyumba yachifumu yokha. Tikhulupirira kuti njira imeneyi ndiyo ingaonetse ngati a Banda onse adali gulu limodzi, kapena ngati dzinali lidavekedwa pa anthu osiyanasiyana amene ufumu udaŵapeza.

5. Mfunda ndi Chiwongo

Tsopano tifike pa funso limene olemba ambiri amalidumpha. Acheŵa amaŵerenga mbumba kuchikazi, ndipo choloŵa ndi ufumu zimatsata mimba ya mai. Nanga bwanji lero mwana amatenga dzina la bambo? Kuti kale sizinali choncho, dongosolo la ufumu lenilenilo likuchitira umboni. Kalonga aliyense adali Phiri chifukwa cha mai wake, pakuti bambo wake sakadakhala Phiri popanda kuswa lamulo la ukwati. Ana obadwa kwa Mwali adali a Banda, ndipo n'chifukwa chake sankaloŵa ufumu wa bambo wao. Dzina likadamatsata bambo, ufumu wa a Phiri ukadatha pa mbadwo woyamba.

Yankho lozoloŵereka nlakuti kusinthaku kudadza ndi Angoni, amene gulu lao la Zwangendaba lidaoloka Zambezi mu 1835. Pano chilankhulo chikuvomereza ndithu. Tili ndi mau aŵiri, mfunda ndi chiwongo, ndipo lachiŵirili ndi mbale wa liu la Chizulu lakuti isibongo, dzina la mtundu lochokera kwa bambo. Mphatikiram'mbuyo isi- ndi mnzake wa chi- wathu, ndipo b adafeŵa monga momwe amachitira m'mau athu ambiri. Marwick, amene adakhala pakati pa Acheŵa a kum'maŵa kwa Zambia, adaona kusinthaku pakati pa anthu amene adakhalapo pansi pa Angoni a Mpezeni.

Koma Angoni okha sangasenze mlandu wonsewu. Titenge chitsanzo chodziŵika kwa aliyense. Dr. Hastings Kamuzu Banda adabadwira ku Kasungu m'zaka za m'ma 1890. Mai ao adali a kwa Phiri, ndipo malume ao adali mbusa Hanock Msokera Phiri. Dzina la Banda linali la bambo ao. Tsono dziko la Mwase Kasungu silidalamulidwe ndi Angoni, lidakhala paokha mpaka Angerezi ataligonjetsa mu 1895. Ngati kumeneko dzina la bambo linali litayamba kale kugwira, ndiye kuti kugonjetsedwa pa nkhondo sindiko kokha kudasintha mwambo. Kukhalirana pafupi, maukwati, ndipo pambuyo pake sukulu za mishoni, zonsezi zidathandiza. A Kings Phiri, m'nkhani yao ya mu 1983 yonena za kusintha kwa banja la Chicheŵa, adasonyeza kuti mphamvu zingapo zidagwirira pamodzi: malonda a akapolo, Angoni, mishoni ndi chuma cha atsamunda. Ife tionjezepo kuti kupezeka kwa mau aŵiri kungasonyeze kuti kwa kanthaŵi munthu ankadziŵika ndi maina onse aŵiri, la kuchikazi ndi la kuchimuna, kufikira kaundula atasankha limodzi.

Chotsatira chake n'chachikulu. Munthu amene lero amatchedwa Phiri chifukwa cha bambo wake, agogo ake aamuna ndi bambo wa agogowo, sanasonyeze ndi dzinalo kuti ndi wa mimba ya Nyangu. Dzina layenda njira ina, magazi a ufumu ayenda njira ina. Amene amapita pabwalo la milandu ya ufumu atanyamula chiwongo ngati umboni, anyamula mboni imene idasintha mbali zaka zoposa 100 zapitazo.

6. Dzina la m'Kaundula

Kusintha kwachitatu, kumene sikunalembedwe mokwanira, ndi kuja kudasandutsa mfunda kukhala dzina lomaliza la pa chikalata. Msonkho wa nyumba umene udayamba m'zaka za m'ma 1890, mabuku a ubatizo, ndi ziphaso za opita ku Wenela kapena kwa Mthandizi, zonsezi zinkafuna kuti munthu akhale ndi dzina limodzi losasintha. M'chigawo chapakati ndi chakumpoto ambiri adapereka chiwongo. Kummwera ambiri adapereka dzina la bambo kapena la agogo. N'chifukwa chake m'Chitawira mungakhale mnansi amene chitupa chake sichinena Phiri, koma pamaliro kumudzi amamtchula Phiri.

Mainaŵa adadumphanso malire a mitundu. Pakati pa Ayao pali a Phiri, a Mwale, a Mbeŵe ndi a Milanzi. Malemu a Aleke Banda adali Mtonga wa ku Nkhata Bay, ndipo mlembi D. D. Phiri, amene adalemba mbiri ya Angoni mu 1982, adali wa ku Mzimba. A Rupiah Banda, mtsogoleri wa Zambia kuyambira 2008 mpaka 2011, adabadwira ku Gwanda, m'Zimbabwe wa lero, kumene makolo ao adapita kukagwira ntchito. Woimba Ray Phiri wa gulu la Stimela ku South Africa adatenga dzinali kwa bambo wochokera ku Malaŵi. Ku Zimbabwe mainaŵa adasanduka chizindikiro cha ana a machona, ndipo lamulo la unzika litasinthidwa mu 2001, ambiri obadwira konko adapezeka akulembedwa ngati alendo, kufikira malamulo aakulu a dzikolo a mu 2013 atatsegulanso khomo kwa ana a makolo ochokera m'maiko oyandikana.

Pano kufanizira ndi dziko la Ireland kungatiunikire. Kumeneko maina a mabanja adayamba kale kwambiri, ndipo amapangidwa ndi Mac, kutanthauza mwana, kapena Ó, kutanthauza mdzukulu. A O'Brien ndi adzukulu a Brian Boru, mfumu imene idaphedwa ku Clontarf mu 1014. Kusiyana kwake n'kwakuti dzina la ku Ireland limaloza kwa kholo lodziŵika, pamene palibe mbiri imene imatchula munthu mmodzi wotchedwa Phiri amene adabala a Phiri onse. Koma kufanana kulipo paŵiri. Dzina la Murphy lidaphuka padera m'madera angapo kuchokera kwa makolo osiyana, kotero kuti dzina limodzi silitanthauza magazi amodzi. Ndiponso m'chilankhulo chao mwana wamkazi ali ndi mpangidwe wake wa dzina, woyamba ndi Ní kapena Nic, umene udasoŵa malo pamene maina ankalembedwa m'Chingerezi.

Zomwezi zikuchitikira Na- wathu. Mkazi wobadwa kwa a Banda ndi Nabanda, wa kwa a Phiri ndi Naphiri. Atumbuka ndi Atonga amati Nyabanda ndi Nyaphiri, ndipo cha ku Chitipa kuli Simukonda ndi mlongo wake Namukonda. Dzina limeneli mkazi ankakhala nalo moyo wake wonse, ndipo mwamuna poitana mkazi wake kuti a Nabanda ankalemekeza kwao kwa mkaziyo. Mu 2017 anthu oposa 9 miliyoni adalembetsa ziphaso za unzika, ndipo Nabanda wambiri adalembedwa Banda, kapena dzina la mwamuna wake. Dr. Joyce Banda, mtsogoleri wa dziko lino kuyambira 2012 mpaka 2014, adabadwa a Mtila, ndipo dzina la Banda ndi la ukwati. Tilingalire bwino tanthauzo la zimenezi. Kwa makolo athu, kumva kuti m'nyumba imodzi muli bambo Phiri ndi mai Phiri kukadakhala malodza, chifukwa kukadatanthauza kuti munthu wakwatira mlongo wake. Lero m'Chitawira mau omwewo amalembedwa pa kalata yoitanira anthu ku ukwati. Dzina limene lidapangidwa kuti lisiyanitse okwatirana ndilo tsopano likuŵaphatikiza.

7. Mau Omaliza

Kuunika kwathu kwafika pa mfundo zinai. Nthano ya phiri ndi udzu iŵerengedwe ngati chithunzi cha mgwirizano wa magulu aŵiri, osati ngati chiyambi cha mau. Ganizo la eni nthaka ndi alendo likhalebe ganizo lothandiza, koma lisaphunzitsidwe ngati chinthu chotsimikizika, popeza zofukulidwa m'nthaka ndi zolemba za Apwitikizi sizidalitsimikize. Kusamuka kwa dzina kuchoka kwa mai kupita kwa bambo kudachitikadi, koma kudali ndi zifukwa zambiri ndipo kudayenda mosiyana m'madera osiyana. Pomaliza, Banda kapena Phiri wa pa chitupa salinso mfunda wa kale, ndipo sangakhale umboni wa mtundu, wa ufumu kapena wa dziko limene munthu ayenera kutchedwa nzika yake.

Ntchito imene yatsala njoti ichitike msanga, agogo odziŵa maina onse aŵiri akadali moyo. Sikofunika kupita kutali: m'Chitawira, Chilomoni ndi Machinjiri mwasonkhana anthu a m'maboma onse. Wofufuza afunse munthu aliyense mafunso atatu: dzina la pa chitupa, chiwongo cha bambo, ndi mfunda wa mai ndi wa agogo aakazi. Afunsenso mbadwo umene maina atatuŵa adayamba kusiyana. Mayankho ataikidwa pa mapu, tidzaona kumene kusinthaku kudayambira ndi njira imene kudayenda. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo maina amene akhala nafe zaka mazana ambiri sadzaulula chiyambi chao kwa wofunsa mothamanga.